Mbiya Zoulula za Kuchipinda

Dongo linandipezanso ndili m'kalasi, nditavala bulauzi yoyera. Inali nthawi ya phunziro la zaluso ku sitandade faifi, ndipo ana ndinali nditawauza kuti abwere ndi dongo la kudambo, aliyense aumbe chimene mtima wake ukufuna. Anyamata anaumba ng'ombe za malinunda ndi mafoni a m'manja, atsikana timiphika topotoka milomo. Ine ndinatola chibuluma chimene wina anasiya pa tebulo langa, cholinga chili choti ndikachitaye panja. Ndinadzidzimuka belu litalira kale, ana atandizungulira ali chete, m'manja mwanga muli kamtsuko ka khosi ndi mlomo womwe. Mnzanga wophunzitsa masamu anali ataima pakhomo ndi mabuku ake, akudikira kuti ndimusiyire kalasi. Bulauzi ija sinayerenso mpaka lero.

Mayi anga anali mmisiri woumba mbiya, wodziwika m'mapiri akwathu kuno kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Mitsuko yawo inkafika mpaka ku msika wa ku Chezi pa njinga za ogula. Ndinakula ndikuwasinjira mapale, kuwapondera dongo ndi kuwatolera makungwa, moti pamene ndinkamaliza sekondale n'kuti ndikutha kuumba mphika wa ndiwo woti munthu n'kuphikamo alendo akuona. Kenako kunabwera koleji ya uphunzitsi, ukwati, ana, ndi ntchito ya boma imene imadya munthu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu n'kumupatsanso mabuku oti akachonge kunyumba. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkati chilimwe chino ndiyambanso. Mayi anamwalira ndikunenabe zomwezo.

Tsiku la kamtsukolo ndinangoweruka n'kutenga khasu ndi ndowa, ulendo wa kumudzi kwathu, komwe sikutali ndi sukulu: umatsika phiri limodzi n'kukwera lina. Ndinapita kwa mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga, amene anatsala okha ndi luso limeneli pa mtundu wathu. Musaganize za gogo wofatsa. Mayi aang'ono anakwatiwapo katatu, amuna onse atatuwo anawalongedzera okha katundu, ndipo nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala itafika kuchigayo itanenepa. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, n'kufunsa ngati boma lasiya kulipira aphunzitsi. Nditawauza kuti ndikungofuna kuumba basi, anaseka mpaka kutsokomola, koma anandionetsa pamene mayi ankakumba dongo lawo.

Pobwerera, ndowa ili pamutu panga, anandikumbutsa lamulo.

"Dongo silifuna munthu wotentha, wamva? Ukafuna kuotcha mawa, lero mkamwini agone payekha. Ukachita zachibwana mbiya zimakunenera pagulu."

Lamuloli ndinkalidziwa. Woumba ayenera kudika, osakhala malo amodzi ndi mwamuna wake usiku woti mawa aotcha mbiya, apo ayi zimaphulika pamoto. Tili ana tinkaona bambo athu masiku ena akutulutsa mphasa kukagona m'khitchini, ife n'kumati akulondera nkhuku. Ndinadzazindikira ndili wamkulu kuti nkhukuzo zinkaopsezedwa nthawi yootcha mbiya yokha.

Vuto langa linali la kalendala. Kuumba ndinkatha kuumba madzulo ndikaweruka, buku la ana mbali ino, dongo mbali inayo, moti ana ena analandira mabuku awo ali ndi chidindo cha chala changa pafupi ndi malikisi. Koma kuotcha kumafuna tsiku lathunthu, ndipo tsiku lathunthu la mphunzitsi ndi Loweruka lokha, poti Lamulungu ndi la kutchalitchi. Tsono amuna anga amagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ku Mponela, ndipo kunyumba amabwera Lachisanu madzulo. Amafika pa kabaza wa njinga yamoto, buledi ndi kanyama zili m'jumbo, atameta ndevu bwinobwino, akununkhira sopo. Munthu akameta ndevu Lachisanu masana sametera abwana ake.

Ndiyenera kunena za amuna angawa, chifukwa popanda kuwadziwa nkhaniyi siimveka. Ndi munthu wamanyazi amene sindinamuonepo wina. Kutchalitchi ndi iwo amene amawerenga mawu a Mulungu, ndipo akafika pa ndime yonena kuti uje anabereka uje amathamanga ngati akuwoloka msewu. Ana athu onse anabadwa iwo asanatchulepo mawu oti mimba. Ankangoti mayi sakupeza bwino masiku ano. Pagulu sanandigwirepo dzanja. Zonsezi ndimawakondera, ngakhale nthawi zina zimandipsetsa mtima.

Lachisanu loti mawa lake ndiotcha mbiya zanga zoyamba ndinawafotokozera lamulo la dongo tikudya. Anayang'ana m'mbale nthawi yaitali, kenako anati ife ndife Akhristu, zimenezo ndi zamakolo, ndipo munthu wophunzira ngati ine sindiyenera kumaopa dothi. Anayankhula bwino kwambiri, kuposa momwe amawerengera kutchalitchi. Inenso ndinavomera msanga, mwina msanga kwambiri.

Kuotcha mbiya kwathu kuno si ntchito ya mseri. Utsi ukangokwera kuseri kwa nyumba ya mayi aang'ono, amayi amasiya zimene akuchita n'kubwera, ena ndi ana kumbuyo, ena ndi malichero awo kudzapetera pomwepo. Tinayala nkhuni pansi, n'kusanja mbiya zanga chozondotsa, zazikulu pakati, timiphika m'mbali, kenako makungwa ouma pamwamba mpaka zonse zitabisika. Ndinayatsa ndekha. Mtima unkagunda ngati tsiku limene oyendera masukulu anandipeza koyamba m'kalasi.

Moto utangogwira bwino, tinamva phuu! Phale linauluka n'kukagwa pafupi ndi nkhokwe. Mayi aang'ono anafwenthera fodya wawo wopera, osafulumira, n'kunditembenukira.

"Mkamwini anafika bwino dzulo, eti?"

Amayi aja anagwa nazo kuseka. Mbiya yachiwiri itaphulika wina anaimba nthungululu, ndipo kuyambira pamenepo iliyonse ikasweka inkalandiridwa ngati mkwatibwi. Wina anati aphunzitsi amaphunzitsa masana ndi usiku womwe. Wina anati buledi wa ku Mponela ngoopsa. Ine ndinaseka nawo, poti ukalira pamalo ngati amenewo umangowawonjezera ndiwo, koma m'kati ndinkamva kuwawa. Panali mtsuko umodzi umene ndinaukulungiza madzulo ambiri ndi mwala wa mayi anga, ndipo unatuluka uli zidutswa. Zinapulumuka zinali timiphika tiwiri tating'ono, toyenera kuphikira mwana phala.

Lamulungu lake amuna anga atakwera kukawerenga, kumbali ya amayi kunabuka chifuwa. Ankati akayamba chiganizo, wina khoo, mnzake khoo, mpaka a kwaya omwe. Titatuluka, bambo wina wa mu mphakati wathu anawagwira dzanja nthawi yaitali, akuwathokoza chifukwa cholimbikira ntchito. Amuna anga anafika kunyumba nkhope itagwa, osadya n'komwe. Anandipempha kuti ndisiye zoumbazi, akuti mitsuko ikugulitsidwa pamsika, ndowa za pulasitiki zilipo, nanga chifukwa chiyani za m'nyumba mwathu zizilengezedwa ndi moto.

Ndinakana. Ndinawauza kuti ndinasiyapo kale kamodzi ndipo zaka zinangopita ndikuchonga mabuku a ana a eni, tsono ulendo uno sindisiya. Tinakangana mwa mtundu wathu, iwo chete, ine ndikuyankhula za anthu awiri. Mapeto ake anagamula okha kuti Loweruka limene ndikuotcha iwo azitsala ku Mponela, kuti pasakhale wowanamizira. Ndinamva chisoni pang'ono, koma ndinamvanso kukoma, poti ndinaona kuti munthu amene ankati ndi zamakolo uja wayamba kuliopa dothi kuposa ine.

Ndinayambanso kuumba. Inali miyezi ya chisanu, nthawi imene nkhungu imagona m'mapiri muno mpaka ana atalowa kale m'kalasi, ndipo zovala ukachapa zimatha masiku zili pachingwe. Ndinaumba mitsuko ina, mbiya ya thobwa ndi miphika, n'kuziika m'chipinda cha ana, omwe anali kusukulu yogonera komweko. Loweruka lotsatira litayandikira ndinazigwira n'kumva kuti kunja zauma. Ndinatumiza uthenga ku Mponela kuti sabata ino musabwere. Mayi aang'ono nawo anauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti ulendo uno mkamwini wamangidwa ku Mponela, tsono tidzaone luso lenileni la aphunzitsi.

Kunabwera anthu ambiri kuposa poyamba. Ine ndinali ndi mtima wodzikuza, chifukwa ndinali nditagona ndekha ngati sisitere, wozizira ngati madzi a pachitsime. Ndinayatsa moto ndikumwetulira.

Zinaphulika kuposa poyamba. Mbiya ya thobwa inachita kung'ambika pakati ndi phokoso loti nkhuku zinathawira kutchire. Ndinadikira nthungululu zija, ndinali nditakonzeka kuseka nawo, koma palibe anaseka. Amayi ankangoyang'anana, wina n'kuyamba kukonza mwana kumbuyo, wina kutola lichero lake. Mayi aang'ono anandifunsa motsitsa mawu, zimene sachita kawirikawiri.

"Iwe, mkamwini sanabwere, eti?"

"Sanabwere."

"Ooh."

Ooh ameneyo anayenda mapiri onse. Mwamuna kulibe, mbiya zasweka, tsono anatenthetsa aphunzitsi ndani? Pofika Lachiwiri mayina anali atapezeka. Ena ankati ndi ahedi athu, munthu woti akupuma ntchito chaka chamawa ndipo pokwera masitepe a ofesi amapumira pakati. Ena ankati ndi wa kabaza amene amanditenga ndikamapita kuboma. Ena anatchula mlangizi wa zaulimi, yemwe ndinayankhula naye kamodzi kokha, nkhani yake ya mbozi za m'chimanga. Poyamba chimene chinandikwiyitsa kwambiri chinali mtundu wa amuna amene ankandisankhira. Ndinauza mnzanga wa masamu kuti ngati akufuna kundichimwitsa andipezereko wa mano onse. Tinaseka mu ofesi ya aphunzitsi mpaka misozi.

Kusekako kunatha Lachisanu. Amuna anga sanabwere, ndipo pa foni anangoti ntchito yachuluka. Lachisanu linalo anabwera, koma ndevu zili zosameta, m'manja mulibe jumbo. Sanandinene chilichonse. Anadya, anafunsa za ana, anafunsa za mbuzi. Kenako akusamba m'manja, osandiyang'ana, anati akumva kuti mbiya zija zinaswekanso. Anawonjezera kuti amalume awo, omwe ndi ankhoswe athu a kuchimuna, anawaimbira foni kufunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Pamenepo ndinachita mantha enieni. Anthu a kuchigayo akanatha kunena zimene akufuna, pakamwa ndi pawo. Koma munthu amene ndakhala naye zaka zonsezi, amene amadziwa kuti ndikaweruka ndimangodziwa njira ya kunyumba ndi ya kudambo, anali atakhala pampando wake akundikayikira chifukwa cha mapale. Sanakhulupirire kwenikweni, koma sanakanenso kwenikweni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira. Ndinaona kuti banja langa likhoza kuzizira mpaka kutha popanda wina wolakwa.

Njira yapafupi inali kusiya kuumba. Ndinaiganizira ndithu. Koma kusiya pamenepo kukanakhala ngati kuvomera mlandu, anthu akanati waona kuti dongo likumuulula. Komanso, kunena zoona, sindinkafuna. Ndikakhala m'kalasi ndikulemba pa bolodi, zala zinkangofuna dongo.

Tsiku lina nditaweruka ndinakhala pakhonde kusinja mapale aja, poti phale losinja timalisakaniza ndi dongo latsopano kuti lilimbe. Ndinatola chidutswa cha pansi pa mbiya ya thobwa, pamene pamakhala pochindikala, n'kuyang'ana m'mphepete mwake mothyoka. Kunja kunali kofiira, koma pakati panali pakuda, pofanana ndi chigumu chimene wachiphula msanga. Ndinatola china, chimodzimodzi. Ndinakumbukira mbiya za mayi anga zili ndandanda m'nyumba masabata ndi masabata, ife tikuzilambalala, mayi akuzitembenuza ndi kuzigogoda, osafulumira, poti iwo analibe Lolemba lowadikira. Zanga ndinkati zauma chifukwa Loweruka lafika. M'nkhungu ya miyezi imeneyo zinkauma khungu lokha, madzi ali m'kati, ndipo madzi akakumana ndi moto safunsa kuti wagona ndi ndani.

Ndinathamangira kwa mayi aang'ono ndi phale langa ngati mwana amene wakhoza samu. Analiyang'ana, analinunkhiza, n'kunena kuti inde, zimenezonso zimachitika, mbiya yosauma imasweka, ndani sadziwa. Nditawafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezo pagulu paja, anati iwo sanandione ndikuumitsa, ndiponso sanandione ndikugona, tsono anganene bwanji kuti chaswa mbiya ndi chiti. Ndinafuna kuwaponyera phalelo. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka: ndi mayi anga, ndiponso malo ootchera ndi awo.

Sukulu itatsekera, mphepo ya mu Ogasiti inayamba kuomba, nkhungu n'kuchoka. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi masiku anga onse. Ndinaumba mitsuko itatu, mbiya ina ya thobwa ndi miphika, ndipo ntchito yovuta kuposa zonse inali kuzisiya. Ndinaziumitsa mumthunzi, kenako padzuwa la m'mawa, kenako pafupi ndi moto wa m'khitchini, ndikuzitembenuza tsiku ndi tsiku. Loweruka linafika, ndinaliyang'ana n'kulilola lidutse. Linanso chimodzimodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti kudekhako kumayabwa chotere.

Amuna anga nawo anali ndi nzeru zawo. Ndinawaonetsa phale lija, anagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinaona kuti sizinalowe. Anati atenga tchuthi cha sabata yathunthu, akhala pakhomo, azigona pabalaza pa mphasa, anthu onse adziwe kuti lamulo lasungidwa ndipo mwini nyumba alipo. Akuti potero chilungamo chioneka. Ankaganiza kuti akundithandiza, ndipo anapita okha kukauza mayi aang'ono, komwe kuli ngati kulengeza pa wailesi.

Ine ndinaona msampha umene iwo sanauone. Mbiya zikatuluka zamphumphu iwo atalondera, anthu adzati mwaona, mwamuna akakhalapo zimapsa bwino, ndiye kuti ulendo uja kunalidi mbala. Zikasweka ndiye kuti dzina langa layera, koma miyezi yanga yonse yapita pamoto, ndipo iwo adzati basi, zakanika, tisiye. Kupambana kwanga kukananditsutsa, kulephera kwanga n'kumene kukanandiyeretsa. Ndinaganiza masiku angapo ndikutembenuza mitsuko yanga, mpaka ndinapeza kuti anthu a kuchigayo sindingawathe, koma munthu mmodzi yekha ndikhoza kumuonetsa zoona.

Sabata imeneyo anagonadi pabalaza, mokhulupirika, nsapato zili pambali. Lachisanu masana, iwo atapita kukaona dimba, ndinaona kuti mphasa yawo ija yada kwambiri. Ndinaichapa ndi madzi ambiri, mbali zonse ziwiri, n'kuiyanika pamthunzi. Pa mipando ya pabalaza ndinasanjapo mbiya zanga, poti simenti imazizira ndipo mbiya zouma sizifuna chinyezi. Ndinapha nkhuku ya chikuda. Ndinavala chitenje chimene anandigulira chaka chimene tinabatiza mwana woyamba, chomwe amati chimandikhala. Atabwera anayang'ana mphasa ikudontha, anayang'ana mipando, anayang'ana ine. Zotsatira zake sindilemba, ndine mphunzitsi, ana anga ena amadziwa kuwerenga.

Kutacha anali ngati munthu amene wagunda mbuzi ya eni ndi njinga. Ankangoti taononga, mayi, taononga ntchito yanu yonse. Ine ndinkawalimbitsa mtima ndi nkhani ya madzi ndi moto, koma ndisaname, nanenso ndinkaopa. Zimene unamva uli mwana sizichoka chifukwa choti unapita ku koleji. Tikusenza mbiya kutsika phiri ndinkangoona bambo anga ndi mphasa yawo akulowa m'khitchini, n'kumadzifunsa kuti kodi anthu onse aja anali opusa. Zikanaphulika tsiku limenelo, amuna anga akanakhulupirira dongo mpaka imfa, ndipo funso la ulendo wachiwiri lija likanakhala pakati pathu osachokanso.

Anthu anadzaza mpaka kunkhokwe, ndi abambo ena omwe, amene anabwera ngati akudutsa. Amuna anga anaima chapatali atagwira mtengo wautali wophulira mbiya, thukuta lili kamukamu moto usanayake n'komwe. Ndinasanja, ndinafunditsa makungwa, ndinayatsa. Moto unakwera, makungwa anathetheka, ndipo kuthetheka kulikonse ndinkakumva m'mano. Tinadikira. Malawi anatsika, mulu unasanduka makala, mbiya zinayamba kuonekera zili psuu ngati chitsulo cha kosula. Palibe inalira.

Tinaziphula imodziimodzi ndi mitengo, n'kuziwaza madzi a makungwa zikadali zamoto kuti zichite mawanga akuda. Zitazizirako mayi aang'ono anagogoda mtsuko waukulu ndi chala, ndipo unalira ngati belu la kutchalitchi likamvekera kutali. Ndinafuna kukhala pansi n'kulira. Chiyambire imfa ya mayi, pakhomo pathu panali pasanatuluke mtsuko wotere wochokera m'manja mwa mwana wawo.

Mayi aang'ono sanandipatse mpata. Anatembenukira gulu lija, dzanja lili pa mtsuko wanga.

"Mwaonatu. Mwini munda akalondera, anyani salowa."

Kunamveka kung'ung'udza kovomereza. Ena anandiyang'ana mwachifundo, chifundo chimene amachitira munthu wogwidwa. Ndinali nditadziwa kuti zidzatha chonchi, ndipo ndinali nditavomera. Amuna anga sindinawapemphe kuti anene kanthu, sindikanayerekeza n'komwe. Ndinkangofuna kuti iwo okha adziwe, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti adziwa. Ndinawerama kuti ndiyambe kutola miphika.

Ndinamva amuna anga akukonza kukhosi, monga amachitira asanayambe kuwerenga.

"Pepani mayi. Ine dzulo pabalaza sindinagonepo."

Mayi aang'ono anawatembenukira. Kenako anafunsa, poti iwo sangasiye nkhani ili pakati.

"Nanga munagona kuti, mkamwini?"

Amuna anga anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana apongozi awo m'maso, pamaso pa amayi a kwaya, a mu mphakati ndi a kuchigayo onse.

"Kwa mkazi wanga. Ndipo mbiya ndi izi. Zija zinasweka chifukwa sizinaume, musamunenenso."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinamveka mpaka kusukulu. Amayi ena anagwa pansi ndi kuseka, wina anavula chitenje n'kuyamba kuwakupiza amuna anga ngati apambana mpira. Mayi aang'ono anati dongo la masiku ano lataya mwambo ngati ana ake omwe, koma ankaseka nawo, ndipo ndinadziwa kuti pofika madzulo nkhani yatsopanoyi ikhala itadya yakale ija. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana munthu amene sangatchule mimba m'nyumba mwake momwe, ataima pakati pa mudzi wonse makutu ali piriwiri, atavula ulemu wake wonse n'kundifunditsa ine. Mawa lake linali Lamulungu, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ayenera kukaima kutsogolo kukawerenga.

Pobwerera anakana kuti ndisenze mtsuko waukulu. Anaunyamula okha paphewa, ukadali wofunda, n'kudutsa nawo pakati pa amayi aja akuwaimbira m'manja. Tinakwera phiri, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi miphika m'dengu. Titatsala pang'ono kufika, osatembenuka, anandifunsa kuti tiotchanso liti. Anati makungwa amene ndinatola anali ochepa, ulendo wina adzabwera msanga Lachisanu kuti akatole okha.